Mankhwala akale pa ntchito yatsopano: wodwala khansa pakati pa mliri

M'mwezi wa Juni 2020, akatswiri a pa yunivesite ya Oxford analengeza zotsatira ziwiri pasanathe milungu iwiri. Pa 5 Juni anati hydroxychloroquine, mankhwala akale a malungo amene dziko lonse linkawathamangira, sankapulumutsa odwala Covid-19 ogonekedwa m'chipatala. Pa 16 Juni anati dexamethasone, mankhwala enanso akale ndi otchipa, ankachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala amene anali pa makina opumira, ndiponso gawo limodzi mwa magawo asanu pakati pa amene ankangolandira okosijeni. Kafukufuku wake anali mmodzi, wotchedwa RECOVERY, wotsogozedwa ndi Peter Horby ndi Martin Landray. Zipatala zinali zomwezo, njira yoyezera inali yomweyo, koma mayankho anasiyana kutalitali.

Odwala khansa ambiri atamva dzina lachiwirilo analizindikira nthawi yomweyo. Dexamethasone ndi timapiritsi tija amamwa asanalandire chemotherapy, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, kuti asasanze, tija timawasowetsa tulo usiku ndi kuwapatsa njala yosaneneka. Kwa odwala myeloma ndi khansa zina za m'magazi, timapiritsi tomweti ndi mbali ya chithandizo chenichenicho. Tsono munthu amene wakhala m'nyumba miyezi itatu, opaleshoni yake itaimitsidwa, dokotala akungomumvera pa foni, n'zosadabwitsa kuti ankadzifunsa: ngati mankhwala amene ali m'kabati mwangamu agonjetsa matenda atsopano, kodi palibe ena akale amene angagonjetse khansa yanga, amene anthu sakungowalabadira?

Funso limeneli si lopusa. Ndimakwiya ndikamva wachipatala akuliyankha ndi kuseka, chifukwa mbiri ya chithandizo cha khansa ili ndi mankhwala otere ambirimbiri.

Amene anagwiradi ntchito

Tengani thalidomide. Anayamba kugulitsidwa ku West Germany mu 1957 ngati mankhwala ogonetsa tulo, ndipo amayi oyembekezera ankamwa kuti mseru uleke. Ana oposa 10,000 anabadwa olumala manja ndi miyendo, mankhwalawo n'kuchotsedwa pamsika mu 1961. Dzina lake linasanduka chinthu choopsa kutchula. Koma mu 1999 madokotala a ku Arkansas, motsogozedwa ndi Bart Barlogie, anafalitsa zimene anaona pa odwala myeloma 84 amene mankhwala ena anali atawakanika: pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse matenda anabwerera m'mbuyo. Mu 2006 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linavomereza thalidomide pa myeloma, ndipo lenalidomide, amene lero ndi msana wa chithandizo cha matendawa, anachokera ku banja lomwelo.

Pali mtundu wina wa leukemia, khansa ya m'magazi, wotchedwa APL, umene kale unkapha munthu m'milungu yochepa chifukwa cha kutaya magazi. M'zaka za m'ma 1980, Wang Zhen-yi ndi anzake ku Shanghai anaonetsa kuti wachibale wina wa vitamini A amakhwimitsa maselo a khansawo mpaka kuleka kuchulukana. Pambuyo pake anawaphatikiza ndi arsenic, poizoni wodziwika kuyambira makedzana. Lero odwala oposa 9 mwa 10 alionse a mtundu wosaopsa kwambiri wa matendawa amachira ndi mankhwala awiriwa.

Ena sachiza khansa koma amapeputsa moyo wa wodwala. Olanzapine ndi mankhwala a matenda a maganizo, koma kafukufuku wa mu 2016 anatsimikiza kuti amaletsa mseru wa chemotherapy, ndipo amene anasanzapo masiku anayi osalekeza akudziwa kuti imeneyi si nkhani yaing'ono. Tocilizumab anapangidwira nyamakazi. Mu 2012 ku Philadelphia anapulumutsa mwana amene chitetezo cha m'thupi mwake chinalusa mopitirira atalandira chithandizo chatsopano cha leukemia chotchedwa CAR-T. Mu 2021 RECOVERY anapeza kuti mankhwala omwewo amachepetsanso imfa pa amene adwala kwambiri Covid-19, ndipo chaka chomwecho anayamba kusowa padziko lonse, moti zipatala za khansa zinayamba kuwerengera mabotolo otsala.

Choncho nkhani si yakuti akale n'ngachabe, atsopano n'ngabwino. Mankhwala onsewa akufanana pa chinthu chimodzi: anaperekedwa kwa odwala enieni, zotsatira zinalembedwa za aliyense, wochira ndi womwalira yemwe, ndipo anthu ena osakhudzidwa anabwereza n'kupeza zomwezo.

Mmene mliri unapanikizira wodwala khansa

Bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse pa 11 Marichi 2020. M'mwezi wa Meyi linafunsa mayiko 155 za mmene zinthu zinalili, ndipo mayiko 42 pa 100 alionse anati chithandizo cha khansa chasokonekera. Maopaleshoni anaimitsidwa kuti mabedi ndi makina opumira apite kwa odwala mliri. Kuyeza anthu kuti khansa ipezeke msanga kunaleka m'malo ambiri. Odwazika matenda ankabwezedwa pachipata, munthu n'kumva yekhayekha kuti chotupa chafalikira.

Mantha anali a mbali ziwiri, ndipo onse anali ndi maziko. Kafukufuku wa odwala khansa 928 amene anatenga Covid-19, ambiri mwa iwo a ku America, anapeza kuti 13 pa 100 alionse anamwalira pasanathe masiku 30. Wina wa ku Britain, wa odwala 800, anapeza 28 pa 100. Koma wa ku Britain uja anapezanso chinthu chimene ambiri sanachimve: amene anali atalandira chemotherapy m'milungu inayi yapitayo sanamwalire mochuluka kuposa anzawo, ukaganizira msinkhu ndi matenda ena. Zimene zinkakweza chiopsezo kwambiri zinali ukalamba, matenda a mtima ndi ena otere, komanso khansa imene ikukulirakulira. Odwala khansa za m'magazi ndiwo anali pamoto weniweni, chifukwa matenda awo ali m'maselo omwewo amene amateteza thupi.

Mbali inayo inali kuchedwa. Mu Novembala 2020 magazini ya zachipatala ya BMJ inafalitsa kafukufuku wophatikiza zotsatira zambiri, wosonyeza kuti opaleshoni ya khansa ikachedwa milungu inayi, mwayi woti munthu amwalire umakwera ndi 6 mpaka 8 pa 100, ndipo kuchedwa kukapitirira, chiwerengerocho chimakwerabe. Khansa sinamve kuti kunja kuli mliri. Amene anadzibisa m'nyumba miyezi isanu ndi umodzi poopa kachilombo anathawa ngozi imodzi n'kukulitsa ina.

Achipatala anayesetsa kuchepetsa maulendo. Kafukufuku wa FAST-Forward, amene anatuluka mu Epulo 2020, anasonyeza kuti amayi ambiri a khansa ya m'mawere akhoza kulandira radiotherapy, imene ambiri amangoti kuwotcha, maulendo 5 pa mlungu umodzi m'malo mwa maulendo 15 pa milungu itatu. Mwezi womwewo FDA inalola kuti mankhwala a khansa otchedwa pembrolizumab aziperekedwa pa milungu 6 iliyonse m'malo mwa itatu. Katemera atabwera anathandiza odwala khansa ambiri, koma osati onse mofanana: amene anali pa rituximab, mankhwala amene amafafaniza maselo opanga asilikali a m'magazi, nthawi zambiri ankabayitsa kawiri thupi osayankha mokwanira. N'chifukwa chake anthu ofooka chitetezo anali oyamba kuloledwa katemera wachitatu mu Ogasiti 2021. Anzawo atavula mamasiki n'kubwerera ku moyo wakale, iwo anatsala m'nyumba.

Munthu wotere ali ndi nthawi yambiri, foni m'manja, ndi mtima wofuna kuchitapo kanthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo pa intaneti panali anthu odzaza okonzeka kumuuza chochita.

Mbale ya mu labotale si thupi la munthu

Mu Epulo 2020 akatswiri a ku Australia analemba kuti ivermectin amapha kachilombo ka korona m'maselo olimidwa m'mbale. Ivermectin ndi mankhwala olemekezeka: William Campbell ndi Satoshi Ōmura analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha iwo, ndipo ateteza anthu mamiliyoni ku khungu loyamba ndi tinyongolotsi. Vuto linali mlingo. Kuchuluka kwa mankhwala kumene anathira m'mbalemo kunaposa kumene kumafika m'magazi a munthu womwa mlingo wovomerezeka kuwirikiza maulendo makumi angapo. Kafukufuku wina wa ku Egypt amene ankaoneka ngati umboni wamphamvu anachotsedwa mu Julayi 2021 zitapezeka kuti zolemba za odwala ena zinali zongobwereza. Ofufuza a TOGETHER ku Brazil atayesa pa odwala 1,358, theka kulandira ivermectin theka kulandira piritsi lopanda mankhwala, sanapeze kusiyana kooneka pa ogonekedwa m'chipatala.

Pa khansa, zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku. Selo la khansa lili m'mbale n'losavuta kupha. Mchere wambiri umalipha, sopo amalipha, kutentha kumalipha. M'thupi, mankhwala ayenera kudutsa m'matumbo, kupulumuka m'chiwindi chimene ntchito yake ndi kuwaphwanya, kufika m'kati mwa chotupa chimene misempha yake ya magazi ndi yosokonekera, n'kukhala mmenemo nthawi yokwanira, zonsezi osawononga impso, mtima kapena mafupa opanga magazi. Mankhwala ambiri a khansa amene amapambana m'mbale ndi pa mbewa za mu labotale amakagwa akafika pa anthu. Ndiye mukawerenga kuti mankhwala akuti "apha maselo a khansa pa maola 48", funsani kuti maselowo anali kuti.

Hydroxychloroquine anatiphunzitsa china. Kafukufuku amene anayatsa moto, wa Didier Raoult ku Marseille mu Marichi 2020, anawerengera odwala 36 okha. Odwala 6 amene analandira mankhwalawo anachotsedwa m'chiwerengero, ndipo mwa iwo atatu anali atapita ku chipinda cha odwala mwakayakaya, mmodzi anali atamwalira. Ukachotsa amene zinthu sizinawayendere, mankhwala alionse amaoneka ozizwitsa. Nkhaniyo inachotsedwa m'magazini mu Disembala 2024, koma pa nthawiyo odwala lupus (matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo), amene moyo wawo umadalira mankhwalawa, anali atavutika kale kuwapeza.

Metformin, ndi mmene chiwerengero chimanamizira

Pa mankhwala onse akale, amene anapatsa akatswiri a khansa chiyembekezo chachikulu ndi metformin wa matenda a shuga. Mu 2005 ofufuza a ku Dundee ku Scotland anaona kuti odwala shuga omwa metformin ankadwala khansa mocheperapo. Ena ambiri anapeza zofanana, ndipo chifukwa chake chinkamveka: metformin amatsitsa insulin, pamene insulin imathandiza maselo ena a khansa kukula.

Koma taganizirani amene amapatsidwa metformin. Kawirikawiri ndi amene shuga wawo sanafike patali, impso zawo zikugwira bwino ntchito. Amene matenda akula amawasamutsira ku mankhwala ena. Kuyerekeza magulu awiriwa kuli ngati kuyerekeza athanzi ndi ofooka, kenako n'kuthokoza piritsi. Palinso msampha wina wobisika kwambiri: kuti munthu alembedwe m'gulu la "omwa metformin zaka zitatu", ayenera kuti anakhala ndi moyo zaka zitatuzo. Amene anamwalira msanga amangogwera m'gulu linalo.

Njira yokhayo yothawira misampha imeneyi ndi kugawa odwala mwa mayere, kuti asasankhe dokotala kapena wodwala. Anachita zimenezi pa kafukufuku wa MA.32, wotsogozedwa kuchokera ku Canada: amayi 3,649 a khansa ya m'mawere, opanda shuga, ena metformin ena piritsi lopanda mankhwala, kwa zaka zisanu. Zotsatira zinatuluka mu 2022. Khansa inabwerera mofanana m'magulu onse awiri. Ndimaiona nkhani imeneyi ngati yachisoni komanso yolemekezeka. Amayi masauzande aja anapereka zaka zawo kuti ena asadzataye nthawi pa njira yosafika.

Aspirin ndiye amaonetsa bwino kuti yankho silikhala "inde" kapena "ayi" kwa onse. Pa anthu obadwa ndi vuto la m'majini lotchedwa Lynch, kafukufuku wa CAPP2 anasonyeza kuti aspirin amachepetsa khansa ya m'matumbo. Pa okalamba athanzi oposa 19,000 a ku Australia ndi America, kafukufuku wa ASPREE mu 2018 anapeza kutaya magazi kochuluka, ndiponso imfa za khansa zochulukirapo, mwa omwa aspirin. Mu 2025 kafukufuku wotsogozedwa kuchokera ku Sweden anapeza kuti pa odwala khansa ya m'matumbo amene chotupa chawo chili ndi kusintha kwina kwa majini, aspirin anachepetsa kubwerera kwa matenda ndi pafupifupi theka. Piritsi ndi lomwelo. Kwa wina ndi chithandizo, kwa wina ndi ngozi, ndipo kwa amene ali pa chemotherapy, magazi ake atachepa mphamvu youndana, likhoza kumutayitsa magazi m'mimba.

Umboni wa munthu mmodzi

Chimene chimakoka mtima kwambiri si kafukufuku koma nkhope. Mu 2019 inafalikira nkhani ya bambo wina wa ku America amene khansa yake ya m'mapapo inali itafalikira thupi lonse, ndipo inazimiririka atayamba kumwa fenbendazole, mankhwala a njoka za m'mimba a agalu. Ku South Korea anthu anawagula mpaka kutha m'masitolo a ziweto, ndipo pa nthawi ya mliri nkhaniyi inayenda limodzi ndi ya ivermectin. Chimene chinkasiyidwa pofotokoza n'chakuti bamboyo pa nthawi yomweyo ankalandiranso pembrolizumab, mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi amene amadziwika kuti pa odwala ochepa amafafaniza khansa yofalikira.

Sindikuti bamboyo ananama. Ananena zimene ankakhulupirira. Koma munthu mmodzi womwa zinthu zingapo nthawi imodzi sangadziwe chimene chamuchiritsa, ndipo amene anamwa fenbendazole n'kumwalira sajambula mavidiyo. Timamva mawu a opulumuka okhaokha.

Madokotala alembapo za odwala amene chiwindi chawo chinavulala ndi fenbendazole, n'kuchira atasiya. Apa pali ngozi imene ambiri saiona. Chiwindi chikayamba kuonetsa zizindikiro m'magazi, ndipo dokotala sakudziwa za mapiritsi obisika aja, adzaganiza kuti wolakwa ndi chithandizo chimene iye akupereka. Adzachiimitsa, kapena kuchepetsa mlingo, kapena kuwonjezera mankhwala ena oziziritsa chitetezo cha m'thupi. Wodwala wataya chithandizo chimene mwina chinkagwira ntchito, chifukwa cha piritsi limene palibe anaonetsapo kuti limagwira.

Choopsa kuposa pamenepa ndi kusiyiratu chithandizo. Mu 2018 ofufuza a pa yunivesite ya Yale anatsatira odwala khansa zochizika za m'mawere, m'mapapo, m'matumbo ndi prostate amene anakana chithandizo cha kuchipatala n'kusankha njira zina zokha. Mwayi wawo womwalira unali wowirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi anzawo.

Dandaulo limene lili loona

Anthu amati makampani safuna kuyesa mankhwala otchipa chifukwa mulibe phindu. Pamenepa akunena zoona, ndipo tisawatsutse. Kampani imatetezedwa ndi lamulo kwa zaka 20 kuti ena asapange mankhwala ake. Nthawiyo ikatha aliyense akhoza kupanga, mtengo umagwa, ndipo palibe kampani imene ingathire ndalama zankhaninkhani pa kafukufuku woti phindu lake adye ena. N'chifukwa chake mabungwe osafuna phindu, monga Anticancer Fund ya ku Belgium, amasonkhanitsa maina a mankhwala akale oyenera kuyesedwa ndi kufunafuna ndalama zoyesera. Ntchitoyi imayenda pang'onopang'ono mokhumudwitsa, ndipo ndikukhulupirira kuti maboma akanayenera kuithira ndalama zambiri kuposa mmene amachitira.

Koma kuchoka pa "sanayesedwe mokwanira" kufika pa "amagwira ntchito ndipo akubisa" ndi kudumpha mtsinje waukulu. Dexamethasone ndi wotchipa zedi, ndipo palibe anamubisa. Zotsatira zitangotuluka, zipatala zinayamba kumupereka tsiku lomwelo. RECOVERY anatheka chifukwa zipatala 176 za ku Britain zinagwirizana kulemba odwala pa fomu yaifupi ndi kuwagawa mwa mayere: odwala 2,104 analandira dexamethasone, 4,321 chisamaliro cha nthawi zonse. Pa miyezi itatu yankho linapezeka. Pa miyezi yomweyo anthu miyandamiyanda padziko lonse anamwa hydroxychloroquine popanda wolemba zotsatira, ndipo kumwa kwawo konseko sikunaphunzitse aliyense kanthu.

Mankhwala akakumana m'chiwindi

Ngakhale mankhwala otsimikizika amasanduka oopsa akakumana ndi a khansa. Paxlovid, mankhwala a Covid-19 amene analoledwa ku America mu Disembala 2021, ndi chitsanzo chabwino. Muli mankhwala awiri. Woyamba amalimbana ndi kachilombo. Wachiwiri, ritonavir, anayamba ngati mankhwala a HIV, ndipo ntchito yake muno ndi kutseka kanthu ka m'chiwindi kotchedwa CYP3A4 kamene kamaphwanya mankhwala, kuti woyambayo akhalitse m'magazi. Tsoka lake, kanthu komweko ndi kamene kamaphwanyanso mankhwala ambiri a khansa, monga ibrutinib, venetoclax ndi vincristine. Chipata chikatsekedwa, mankhwalawa amaunjikana m'magazi ngati kuti munthu wamwa mlingo wowirikiza. Ena amachita zosiyana: apalutamide ndi enzalutamide, a khansa ya prostate, amafulumizitsa chiwindi moti Paxlovid amatha mphamvu asanagwire ntchito.

Zimenezi sizikutanthauza kuti wodwala khansa asalandire mankhwala a Covid-19. Iye ndiye amawafunikira kuposa ambiri. Dokotala wa khansa akhoza kuimitsa piritsi lina kwa masiku ochepa, kutsitsa mlingo, kapena kusankha remdesivir wa m'mitsempha wa masiku atatu. Koma Paxlovid amayenera kuyambidwa pasanathe masiku asanu chiyambireni zizindikiro, choncho nkhaniyi ndi yokambirana munthu asanadwale, osati usiku umene thupi latentha.

Dexamethasone nayenso ali ndi mbali yake yamdima. RECOVERY sanapeze phindu lililonse pa odwala amene sankafunika okosijeni, ndipo panali zizindikiro zoti akhoza kuwapweteka, chifukwa kumayambiriro kwa matenda thupi limafuna chitetezo chake chonse. Wodwala khansa amene anali ndi timapiritsi totsala m'nyumba n'kuyamba kumwa atangomva chifuwa ankadzifooketsa yekha. Mankhwalawa amakwezanso shuga. Ku India mu 2021, kumwa mankhwala a mtundu umenewu mopitirira, makamaka mwa odwala shuga, kunathandizira kubuka kwa matenda oopsa a nkhungu amene ankadya mphuno ndi maso. Ndipo pali kanyongolotsi kena, strongyloides, kamene kamakhala m'matumbo zaka zambiri mwakachetechete, koma munthu akapatsidwa dexamethasone kamachulukana n'kufalikira thupi lonse. Mankhwala ake enieni ndi ivermectin. Pa ntchito imeneyo amapulumutsadi moyo.

Chinanso chimene mliri unasokoneza ndi kutentha thupi. Anthu onse ankauzidwa kuti ukatentha thupi khala kunyumba, udzipatule. Kwa munthu amene ali pa chemotherapy, uphungu umenewu ukhoza kupha. Pakatha mlungu umodzi kapena iwiri chilandirireni mankhwala, maselo oyera a m'magazi amatsika kwambiri, ndipo mabakiteriya akalowa m'magazi amatha munthu pa maola ochepa. Thupi likafika madigiri 38, ndi nkhani yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, kaya kunja kuli mliri, ndipo achipatala amayesetsa kuyamba mankhwala opha mabakiteriya pasanathe ola limodzi. Kumwa paracetamol kapena aspirin kuti thupi lizizire kumangobisa chizindikiro.

Pamene dokotala wanena kuti khansa singachire

Apa ndi povuta, ndipo sindifuna kupadutsa mothamanga. Munthu amene wauzidwa kuti chithandizo chatha amafunsa kuti, "Nanga nditaya chiyani ndikayesa?" Thupi ndi lake, moyo ndi wake, ndipo palibe woyenera kumunyoza. Komabe zotaya zilipo. Pali masiku a mphamvu amene akanacheza ndi ana ake, amene akhoza kuthera pa kusanza ndi chikasu. Pali ndalama zimene banja lidzazifuna. Palinso mwayi wolowa m'kafukufuku weniweni, chifukwa ofufuza salandira munthu amene chiwindi chake chavulala.

Ndipo "sichingachire" sikutanthauza kuti palibenso chochita. Mu 2010 madokotala a ku Boston anagawa mwa mayere odwala 151 a khansa ya m'mapapo yofalikira. Onse analandira chithandizo cha khansa, koma theka anayambanso msanga kuonana ndi gulu lothandiza kuchepetsa ululu, kupuma movutikira ndi nkhawa. Amenewa anakhala ndi moyo wabwinopo, ochepa okha anagwidwa ndi matenda a kukhumudwa, ndipo anakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 11 ndi theka poyerekeza ndi miyezi pafupifupi 9 ya anzawo.

Amene watsimikiza mtima kuyesa mankhwala akale, ayese poyera. Safunsa anadya phula. Atenge mabotolo onse, a kuchipatala, ogula yekha, mavitamini ndi azitsamba omwe, awaike patebulo la dokotala kapena wa ku famase, n'kunena kuti, "Adokotala, ndikumwa izi, ndipo ndikuganiza zoyamba izi." Ngati kukumana kuli kwa pa foni, ajambule mabotolowo atumize. Afunse ngati mankhwalawo anayesedwapo pa anthu a khansa yonga yake, pa mlingo wanji, ndipo anawayerekeza ndi chiyani. Afunse ngati pali kafukufuku amene angalowemo, chifukwa kumeneko mankhwala omwewo amaperekedwa magazi akuyezedwa, ndipo zotsatira zake, zabwino kapena zoipa, zimathandiza wodwala wa mawa.

Achipatala nawonso ali ndi mbali yawo. Wodwala akaulula n'kukalipiridwa, ulendo wina saululanso, koma kumwa sasiya. Dokotala amene wamvetsera mpaka kumapeto ali ndi zambiri zimene angachite: kuona ngati mankhwalawo akulimbana ndi chithandizo, kuyeza chiwindi ndi impso munthu asanayambe, kubwereza pakatha milungu iwiri kapena itatu, ndi kugwirizana naye pasadakhale kuti magazi akafika pakuti, kapena sikani yotsatira ikaonetsa kuti chotupa chakula, mapiritsiwo asiyidwa.